Waini si Mazoe, anzathu

Kuno ku Chazanga mawu akuti vinyo tinkawamva kutchalitchi chabe. Lero pitani ku kitchen party Loweruka: patebulo pali botolo la pinki, ndipo atsikana omwe sangakhudze Mosi akudzaza makapu ngati ndi Mazoe. Amene wakwanitsa zaka 18 sitimuletsa. Chotidandaulitsa n'chakuti ambirife tikumwa chinthu chimene sitichidziwa.

Mitundu yake si yambiri. Wofiira ndi madzi a mphesa zakuda owira pamodzi ndi makoko ake. Makokowo ndi amene amabweretsa mtundu, komanso kuuma kwa m'kamwa kuja, ngati wamwa tiyi wopanda shuga yemwe masamba akhalitsamo. Woyera amawira popanda makoko. Rosé, wa pinki uja, makoko amakhalamo maola ochepa. Wathovu wa paukwati tonse timati Champagne, koma dzinalo ndi la dera lina ku France, J.C. Le Roux ndi wa ku South Africa, monganso Four Cousins ndi Nederburg.

Pabotolo akalemba kuti dry, ndiye kuti shuga wa mphesa wasanduka mowa pafupifupi yense. Akalemba sweet, shuga wina watsala. Apa ndi pomwe timagwera, chifukwa kutsekemera kumabisa ukali. Mosi ali ndi mowa pafupifupi 4 peresenti. Rosé wotsekemera ali cha m'ma 8. Wofiira nthawi zambiri 12 mpaka 14, ndipo sherry ndi port amafika ngakhale 20 popeza amathiramo mowa wina waukali. Botolo limodzi la wofiira la 750ml limaposa mabotolo asanu a Mosi. Mlongo wathu atamwa ma Mosi asanu tingamulande lachisanu ndi chimodzi, koma akamaliza botolo la waini timangoti ndi wa town, kenako n'kumusiya apite yekha kukadikira basi pa Great North Road usiku.

Boma linaletsa tujilijili mu 2012 chifukwa tinkamaliza achinyamata. Waini wabwera atavala suti, ndiye palibe akumufunsa mafunso.

Nanga uja wa m'zigubu, wa shuga, yisiti ndi masamba a tiyi, amene m'komboni timamutchanso waini? Mulibe mphesa ngakhale imodzi, ndipo palibe pepala lakumbuyo loti mutembenuze n'kuwerenga nambala. Ngakhale amayi amene akugulitsawo amangoyesa ndi lilime.