Injini ichokere kunja, pulawo ichokere kwa Biwi

Kuchoka ku Capital Hill, komwe kuli likulu la unduna wa zamalimidwe, kukafika ku Malangalanga m'tauni yakale ya Lilongwe ndi ulendo wa mphindi zosaposa 20 pagalimoto, msewu ukakhala kuti sudathithikane. Koma ikakhala nkhani ya makina olimira, malo awiriwa amakhala ngati ali m'maiko osiyana.

Kumtunda kuja akuluakulu amakambirana za mathalakitala ali m'maofesi, kuwerengera ndalama zakunja ndi kudikira kuti sitima ya pamadzi ifike liti ku Beira kapena ku Nacala. Kumunsi kuno, ku Malangalanga, kwa Biwi, ku Mchesi mpaka ku Kawale, kuli anyamata ndi madoda omwe dzuwa limawatulukira ndi kuwalowera akudula, kupinda ndi kuwotcherera zitsulo. Ngolo za ng'ombe zomwe zimatuta chimanga ndi fodya ku Mitundu kapena ku Nsaru sizidabwere pasitima ayi. Zidatuluka m'manja mwa amisiri a mtundu umenewu, omwe amatenga ekiselo ya galimoto yakufa, matayala akale ndi matabwa, n'kupanga chinthu chotumikira banja zaka zambirimbiri.

Dziko lino likafuna kuti mlimi apumuleko kukhasu, lisamangoganiza za injini yokha. Thalakitala payokha silima. Ntchito yake n'kukoka ndi kuzunguza basi. Chomwe chimang'amba nthaka, kuunga mzere, kutonola chimanga kapena kunyamula matumba ndi chitsulo chomwe achimangirira kumbuyo kwake. Injini Amalawi sapanga, ndipo palibe chamanyazi kuigula kunja. Koma zokoka kumbuyozo n'zotheka kupangidwa konkuno, ndipo ziyenera kupangidwa konkuno.

Thalakitala yomwe ikukambidwa pano si zija zikuluzikulu za m'maesiteti. Ndi kathalakitala ka mawilo awiri, komwe woyendetsa amayenda pambuyo pake atagwira zogwirira ngati za njinga. Injini yake ndi ya dizilo ya silinda imodzi, mbale wake wa zija zimaguguda m'zigayo zing'onozing'ono za kumidzi. Tambiri timachokera ku China ndi ku India. Mwa omwe angathe kugula timathalakitala totere muli anthu a ku Area 10, Area 12, Area 43 ndi Area 47, apantchito ndi opuma pantchito omwe ali ndi minda kunja kwa mzinda ndipo amaithamangira Loweruka lililonse. Mulinso magulu a alimi omwe amasonkherana.

Vuto limayamba katundu uja akangotsitsidwa m'galimoto. Kathalakitala kameneka kadapangidwira minda ya mpunga ya ku Asia, choncho nthawi zambiri kamabwera ndi chogaya nthaka cha mipeni yozungulira, chomwe chimachita bwino m'matope. Ku sikimu za mpunga monga Hara ndi Wovwe ku Karonga kapena Limphasa ku Nkhata Bay, chipangizo chimenechi chili kwawo. Koma mlimi wa m'chigwa cha Lilongwe amalima chimanga, mtedza, soya ndi fodya pamizere. Chibwerereni ulimi wa Sasakawa, alangizi akhala akuphunzitsa kuti mizere ya chimanga italikirane masentimita 75 ndipo phando lililonse likhale ndi mbewu imodzi pamtunda wa masentimita 25. Wopanga makina ku Shandong sadamvepo za Sasakawa wa kwa Kalolo. Sadziwanso momwe katondo amaumira mu October, pomwe mipeni yozungulira ija imangokanda pamwamba n'kudzutsa fumbi.

Apa ndi pomwe mmisiri wa kwa Biwi amaposa fakitale ya kutali. Mlimi angathe kumufotokozera pamaso kuti akufuna chounga mizere cha mlingo wakuti, iye n'kuchipanga, n'kukachiyesa m'munda. Chikapanda kulowa bwino m'nthaka amachibweza, kuchipinda pang'ono, kuchiyesanso. Mano ong'ambira nthaka amawasula kuchokera ku masipuling'i a malole, chitsulo cholimba chomwe osula nkhwangwa ndi zikwanje adachizindikira kalekale. Ngolo yokokedwa ndi kathalakitalaka siyisiyana kwambiri ndi ya ng'ombe. Ndipo poti injini ija ili ndi gudumu lozunguza lamba, ikhoza kuyendetsa makina otonolera chimanga, oswera mtedza, ngakhalenso pampu yothirira kudimba. Kathalakitala komwe kakadagwira ntchito milungu itatu yokha pachaka kamasanduka kantchito chaka chonse: kulima mvula yoyamba ikagwa, kututa mu May, kutonola mu June, kuthirira mu August. Kubweza ndalama yogulira kuli pamenepo.

Wina anganene kuti izi n'zachibwana, dziko likufunika makina enieni. Makina enieniwo dziko lino lidawayesa, ndipo nkhani yake idathera m'khothi.

Nthawi ya ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, boma lidatenga ngongole ya ndalama zokwana 50 miliyoni za ku America kubanki ya Exim ya ku India. Zina mwa ndalamazo zidagula mathalakitala 177 ndi makina otonolera chimanga 144, akuti kuti alimi ang'onoang'ono azibwereka. Ambiri mwa makinawo sadafike kwa mlimi wamba. Adagulitsidwa motchipa kwa andale, akuluakulu a m'boma ndi amalonda. M'chaka cha 2016, Martha Chizuma, yemwe panthawiyo adali Ombudsman, adatulutsa lipoti lodzudzula kagulidwe ndi kagulitsidwe ka katunduyu, ndipo adapezanso kuti makinawo adali achikalekale. Nkhani idakwera mpaka kubwalo lalikulu la apilo, lomwe mu 2019 lidagwirizana naye, ndipo akuluakulu okhudzidwa adayenera kupepesa kwa Amalawi. Kupepesa adapepesa, koma ngongole ija amabweza ndi wamisonkho, kuphatikizapo mayi yemwe mpaka lero akulima ndi khasu.

Anthu ambiri akamakumbukira nkhaniyi amakumbukira mathalakitala. Koma makina otonolera chimanga 144 aja ndiwo ayenera kupweteka mtima kwambiri. Makina otonolera chimanga ndi mgolo wa chitsulo, mtanda wozungulira wokhala ndi mano, sefa ndi miyendo. Amisiri a m'Lilongwe momwemu amawapanga. Dziko lidakongola ndalama zakunja, zoti adzabweze ana ndi zidzukulu, kuti ligule kutsidya la nyanja chinthu chomwe chikadapangidwa makilomita ochepa chabe kuchokera pa Nyumba ya Malamulo pomwe ngongoleyo idavomerezedwa. Chaka chomwecho cha 2016 ndi chomwenso boma lidakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi, yolimbikitsa anthu kugula zopangidwa m'dziko muno. Anthu adauzidwa kuti azivala zosokedwa konkuno Lachisanu. Mapulawo ndi makina otonolera chimanga sadamveke mokweza chomwecho.

Maiko ena adayenda njira ina. Ku Bangladesh, kutachitika chigumula choopsa mu 1988 chomwe chidapha ng'ombe zambiri zolimira, boma lidachotsa misonkho ndi zoletsa zina pa timainjini ta dizilo ndi timathalakitala ta mawilo awiri tochokera ku China. Boma silidagule mathalakitala kuti ligawe. Lidangotsekula chitseko. Zotsatira zake, m'matauni monga Bogura mudabadwa tinyumba tambirimbiri ta amisiri opanga masipeyala, mapampu ndi makina opunthira, ndipo lero minda yambiri m'dzikolo imalimidwa ndi timathalakitala timeneti. Alimi ake ali ndi minda ing'onoing'ono ngati ya kuno, ndipo ambiri sagula makina: amalipira mnzawo yemwe ali nawo kuti awalimire.

Pafupi pompa, ku Zambia, akatswiri a ku Magoye adapanga dzino long'ambira nthaka lomwe limamangidwa ndi mabawuti pamtanda wa pulawo ya ng'ombe yomwe mlimi ali nayo kale. Sadamuuze mlimi kuti ataye pulawo yake n'kugula makina atsopano. Adangosintha chakumapeto kwake. Dzino lopyapyala lotereli ndi lomwe kathalakitala ka mawilo awiri kangathe kukoka m'nthaka youma, pomwe pulawo yotembenuza dothi imakakanika.

Nayenso William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, yemwe dziko lonse lapansi lidamudziwa chifukwa cha makina ake opukusa magetsi ndi mphepo, adatola fani ya thalakitala yakufa pamulu wa zitsulo zotayidwa n'kuilumikiza ndi njinga ya bambo ake. Nzeru zotere si za munthu mmodzi m'dziko muno. Kusiyana kwake n'kwakuti iye adapeza omuona, pomwe anzake ambiri akungowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo.

Komatu kunena mosapsatira, si zonse zotuluka m'manja mwa amisiri a m'tauni yakale zili zabwino. Zina n'zoika moyo pachiswe. Lamba ndi magudumu ozungulira amasiyidwa poyera popanda chotchinga, pamalo pomwe amayi ovala zitenje ndi ana amagwira ntchito yothira chimanga m'makina. Chitenje chikangokodwa, injini siimva kukuwa. Ngolo zina zilibe mabuleki, chonsecho zimasenzetsedwa matumba mpaka kathalakitala kamakankhidwa ndi katundu wake pamtsetse. Chowotcherera chofooka chimaduka pakati pa ntchito, ndipo mlimi amataya sabata yathunthu nthawi yomwe mvula siidikira munthu. Makina otonolera osalinganizidwa bwino amaswa chimanga, ndipo chimanga chosweka ndi phwando la anankafumbwe. Oswera mtedza akamaphwanya maso a mtedza, chuku chimalowa mosavuta ndipo wogula wa kunja amaukana.

Palinso vuto la miyeso. Mmisiri aliyense ali ndi mlingo wakewake, wa m'mutu. Chounga mizere chopangidwa ku Mchesi sichilowa pa kathalakitala komwe cholumikizira chake chidapangidwa ku Kawale. Bawuti ikaduka, mwini wake ayenera kubwerera kwa yemwe adapanga, ndipo ngati adasamukira ku Joni ndiye kuti chitsulocho chafa. Ogula a ku Area 43 akamathawira kusitolo ya zakunja si kuti onse ndi onyada ayi. Ena adapsapo kale.

Amisiriwo nawo ali ndi madandaulo omveka. Chitsulo chatsopano, mawaya owotcherera ndi mabeyaling'i zonse zimachokera kunja, ndipo ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yake idakwera osabwereranso. Magetsi akazima ntchito imaima. Wogula amafuna zotchipa, ndiye mmisiri amachepetsa makulidwe a chitsulo kuti apezepo ya ndiwo. Walira mvula walira matope: wofuna pulawo ya mtengo wa wilibala asadabwe ikapindika.

Mavuto onsewa ali ndi eni ake oti awakonze, ndipo eni akewo sali kutali. Ku Chitedze, pamsewu wa Mchinji, kuli malo a boma ochitira kafukufuku wa zaulimi omwe ali ndi gawo loona za makina a kumunda. Ku Bunda, komwe tsopano ndi sukulu ya ukachenjede ya Luanar, amaphunzitsa uinjiniya wa zaulimi, ndipo chaka ndi chaka ophunzira amapanga makina oti akhozere mayeso. Ambiri mwa makinawo amaonekera pa zionetsero, anthu n'kuomba m'manja, kenaka n'kukachita dzimbiri kuseri kwa nyumba. Bungwe la Teveta lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti litukule ntchito zamanja, ndipo sukulu ya Lilongwe Technical College ili mumzinda momwemu.

Chomwe chikusoweka ndi pepala. Akatswiri a ku Chitedze ndi ku Bunda atajambula chounga mizere chimodzi choyesedwa bwino, ngolo imodzi ya mabuleki, makina amodzi otonolera okhala ndi chotchinga lamba, n'kulemba miyeso yake m'Chichewa, n'kugawa zojambulazo ulere kwa mmisiri aliyense wozifuna, theka la mavutowa likhoza kutha. Cholumikizira chikhale cha mlingo umodzi dziko lonse, monga momwe babu ya magetsi imalowera m'nyumba iliyonse. Teveta ikawapeze amisiriwo pamalo pomwe amagwirira ntchito, masiku awiri kapena atatu, m'malo moyembekeza kuti bambo wa ana asanu asiye ntchito n'kukakhala m'kalasi chaka chathunthu.

Chenjezo lokha n'lakuti miyeso isasanduke chiphaso. Zikangoti aliyense wopanga pulawo ayambe walipira ndi kudinditsa zikalata m'maofesi a ku City Centre, amisiri ang'onoang'ono adzabwerera kumageti awo, ndipo msika udzatsalira eni masitolo akuluakulu. A ku Bangladesh adapita patsogolo atamasula zingwe zotere.

Masomphenya a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa mu January 2021, amanena za ulimi wa makina ndi mafakitale. Boma lililonse lomwe likubwera limalonjeza mathalakitala, ndipo tsiku lina lidzagulanso. Likamadzagula, aphungu adzafunse funso limodzi asadavomereze: mwa katundu yense ali pamndandandawu, ndi uti yemwe sangapangidwe m'dziko muno? Injini, magiya ndi matayala zidzachokere kunja. Ngolo, zounga mizere, mano ong'ambira nthaka ndi makina otonolera chimanga zidzachotsedwe pamndandandawo, ntchito yake idzaperekedwe kwa magulu a amisiri a kuno m'zigawo zing'onozing'ono zomwe angazikwanitse, ndipo a ku Chitedze adzayese chilichonse m'munda boma lisadalipire.