Kabwe sanafe mu 1994, pitani ku Railways mukaone

Ndatopa kumva anthu akunena kuti Kabwe ndi manda. Munthu amadutsa pa basi yopita ku Ndola, n'kusuzumira pawindo, basi wagamula: tauniyi inafa mu 1994 pamene mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa. Akulakwitsa. Kabwe anaima ndi miyendo iwiri, mgodi ndi njanji, ndipo mwendo wa njanji ukutsimphina koma sunaduke.

Miyala ya mtovu inapezeka mu 1902, ndipo malowa anawatcha Broken Hill potengera mgodi wina wa ku Australia. Patangopita zaka zinayi, mu 1906, njanji yochokera ku Livingstone inafika. Kuyambira pamenepo sitima inakhala ndi anthu akeake: oyendetsa, okonza mainjini ndi mabogi, oyang'anira njanji, aliyense ndi banja lake. Dera limene ankakhala linatenga dzina la ntchito yawo, Railways. Mpaka lero likulu la Zambia Railways lili ku Kabwe, osati ku Lusaka. Pabwalo la mpira la m'dera lomweli ndi pamene Kabwe Warriors, timu ya kampani ya njanji, inakulira, ndipo bwaloli tsopano limadziwika ndi dzina la Godfrey Chitalu, amene anagoletsa zigoli 107 mu 1972. Dera lotere mungalifufute ndi mawu amodzi akuti manda?

Otsutsa amati njanji inatha kale, katundu masiku ano amayenda pa mathiraki, ndipo mbiri siphikidwa nsima. Amakumbutsa kuti mu 2003 njanji inabwerekedwa kwa Railway Systems of Zambia, boma la Michael Sata n'kuilanda mu 2012, kenaka n'kuthirapo madola 120 miliyoni a ngongole, koma sitima ikuyendabe ngati nkhono. Zimenezi n'zoona. Koma zikuonetsa kuti njanji inayendetsedwa molakwika, osati kuti n'njosafunika. Mathiraki omwe akuwatamandawo ndi amene akukumba msewu wa Great North Road, ndipo n'chifukwa chake mu 2018 boma linalamula kuti magawo 30 pa 100 a katundu wolemera, monga mkuwa, aziyenda pa njanji. Katundu wochokera ku migodi ya kumpoto akalowera kumwera pa sitima, ayenera kudutsa pa Kabwe. Kapiri Mposhi, pamene njanji ya TAZARA imayambira, ali pafupi kumpoto.

Mfundo yawo imodzi ndiyo imandigwira mtima: mtovu. Ana a ku Kasanda, Chowa ndi Makululu akukula ndi poizoni m'magazi, ndipo mu 2020 mlandu wawo unakafika kukhoti la ku Johannesburg wotsutsana ndi kampani ya Anglo American. Palibe munthu wa umunthu angapeputse zimenezo. Komatu fumbi la mtovulo linasiyidwa ndi mgodi, osati sitima. Ndiye zimandipweteka ndikamva ena akuti chipulumutso cha Kabwe chili m'kufukulanso mulu wa zinyalala za mgodi, kumene anyamata amatola miyala opanda chophimba kumphuno. Ntchito yokonza injini imapatsa mwana luso la moyo wake wonse, pamene mulu uja umangomudya pang'onopang'ono.

Palinso za alendo. Mkuyu waukulu wa pakati pa tauni ulipo, thanthwe la Mulungushi kumene chipani cha UNIP chinasonkhana mu 1960 lili pafupi, dambo la Lukanga lili kumadzulo. Takhala tikupempha kuti chigaza cha munthu wakale chimene chinafukulidwa mumgodi mu 1921 chibwere kuchokera ku London, ndipo tili pa chilungamo. Koma mbiri ina sitifunika kuipempha kwa aliyense. Ili m'mitu ya agogo opuma pantchito a ku Railways, amene anaona Zambia Railways ikubadwa mu 1967 pamene Rhodesia Railways inagawidwa. Khonsolo ya Kabwe ndi kampani ya njanji apatule nyumba imodzi m'deralo, asonkhanitsemo zithunzi, mayunifolomu ndi zida zakale, ndipo ophunzira a pa Mulungushi University atumidwe kukajambula mawu a nkhalambazi zikadali moyo.