Mapu a Mapiri Athu Apezeke Kuno Kwathu

Kwa mafumu athu, amayi ndi abambo, aphunzitsi, alangizi ndi achinyamata a ku Nachisaka ndi midzi yonse ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi.

Amene tikulemba pempholi ndife anansi anu: alimi, aphunzitsi ndi ena a m'makomiti a chitukuko. Nkhani yathu ndi imodzi. Boma lili ndi mapu a pepala osonyeza mapiri, mitsinje, madambo, nkhalango ndi njira za dera lathu lino, koma ambiri mwa ife takula mpaka kumera imvi osawaonapo. Tikufuna mapuwa apezeke kuno, pamalo pamene munthu aliyense angafike ndi kuwatambasula.

Mapu amene tikunenawa si aja a dziko lonse opachikidwa m'kalasi, pamene boma lonse la Dowa limabisika pansi pa chala chimodzi. Awa ndi a sikelo ya 1:50,000, kutanthauza kuti masentimita 2 papepala ndi kilomita imodzi pansi. Pepala limodzi limaonetsa dera la makilomita pafupifupi 27 mulitali ndi mulifupi, ndipo lili ndi nambala yake. Anawajambula potsatira zithunzi zotengedwa pandege. Ntchitoyi inayamba nthawi ya atsamunda ndi bungwe la ku Britain lomwe linakhazikitsidwa mu 1946, lodziwika pambuyo pake kuti Directorate of Overseas Surveys, ndipo lero ili m'manja mwa dipatimenti yoyeza malo mu unduna wa zamalo. Munthu wofuna pepala lake amayenera kupita ku ofesi ya mumzinda. Kwa mlimi wa kuno, ulendo wa ku Lilongwe ndi tsiku lathunthu losalima komanso ndalama ya basi.

Chimene chimatikoka mtima kwambiri pa mapuwa ndi mizere yokhotakhota yosonyeza kukwera kwa malo. Pamene mizereyo yathinana, pamenepo pali chitsetso. Pamene yatalikirana, malo ndi a see. Ife a kumapiri timalima pamalo otsetsereka, ndipo dzinja lililonse timaona madzi ofiira akutsika ndi chonde chathu. Munthu amadziwa bwino munda wake, koma chigwembe chimene chikudya mundawo chinayambira kumtunda, m'minda ya mudzi wina umene iye sauona ali pakhomo pake. Papepala, madzi onsewo amaoneka kumene achokera ndi kumene akulowera. Mlangizi akamatiuza za akalozera, vetiva ndi kubzala mitengo, midzi itatu kapena inayi ya m'khwawa limodzi ingathe kugwirizana poyambira, m'malo moti aliyense azilimbana yekha ndi madzi a mnzake.

Sitinaiwale zimene zinachitika mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Nafenso tili ndi nyumba m'tsinde mwa mapiri, ndipo mitengo ya m'mapirimo ikutha. Komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi iyenera kukhala ndi pepala loonapo nyumba zimene zili panjira ya madzi.

Ena atiuza kuti zonsezi zili kale pafoni. N'zoona kuti zina zilipo. Koma foni imafuna bando, netiweki ndi moto, zinthu zimene m'makwawa muno zimasowa, ndipo kagalasi kake amayang'anapo munthu mmodzi, kawirikawiri mwini foniyo. Pepala mumaliyala pamphasa pabwalo, anthu makumi awiri n'kulizungulira. Agogo amene sanapite kusukulu amaloza ndi ndodo mtsinje umene amaudziwa, ndipo mawu awo amamveka. Pokambirana malo oika mjigo, mlatho kapena sikelo ya ana, kusiyana kumeneku n'kwakukulu.

Tinene poyera zinthu ziwiri. Mapuwa si chikalata cha umwini wa malo. Sasonyeza malire a munda wa munthu, ndipo wina asadzawatenge ngati chida cholanda nacho malo a mnzake. Nkhani za malire zili ndi mafumu ndi makomiti a malo monga mwa lamulo la malo a makolo la mu 2016. Chachiwiri, mapepala ambiri ndi akale. Mupeza kuti sukulu zina ndi misewu ina palibe, ndipo mayina ena analembedwa molakwika. Komabe phiri silinasunthe, ndipo ukale womwewo uli ndi phindu: ana athu adzaona ndi maso pamene nkhalango inkafika m'mbali mwa mapiri a Ntchisi ndi Kongwe, ndi kuyerekeza ndi zimene zatsala lero. Ana omwewo amakumana ndi mafunso owerenga mapu pa mayeso a jogalafe a Fomu 4, ambiri asanagwirepo pepala la kwawo.

Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Kupempha mapu amene anapangidwira dziko lonse si kupalamula.

Ndiye tikukupemphani motere. Pa msonkhano wotsatira wa komiti ya chitukuko (VDC) m'mudzi mwanu, imirirani ndi kutchula nkhaniyi kuti ilembedwe m'buku ndi kukwera ku komiti ya chitukuko ya dera (ADC). Makhansala ndi aphungu athu tiwauze kuti khonsolo ya Dowa ndi ya Ntchisi zigule mapepala a madera awo, awamate pulasitiki, ndipo aikidwe ku ofesi ya zaulimi, kumalo osulira aphunzitsi (TDC), kusukulu za sekondale ndi kulikulu la mfumu yaikulu, pamene munthu angawaone popanda kulipira. Kalata yopita ku dipatimenti yoyeza malo, yopempha kuti asindikizenso mapepala a dera lino, alengeze mtengo wake ndi kumva kwa eni dera pokonza mayina, idutsa mwa anyakwawa anu. Sayinani kapena dindani chala.

Aphunzitsi a jogalafe, tipatseniko masana amodzi Loweruka kuti muphunzitse makomiti kuwerenga mizereyi. Ndipo ngati m'kabati ya sukulu, ya tchalitchi kapena m'sutikesi ya malemu muli pepala lakale lotere, musakutire nalo mabuku. Kaliperekeni kwa ahedi a sukulu yoyandikana nanu kuti tilembe nambala yake, tidziwe mapepala amene tili nawo kale ndi amene tiyenera kuitanitsa.