Kalumo ka Mlendo ndi Lole Yotitimira

Mwambi woti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa wasanduka pobisalira pa anthu amene safuna kugwira ntchito, ndipo chodandaulitsa n'chakuti maganizo omwewo amamvekanso pakati pa ophunzira sayansi, omwe ambiri amangoloweza kuti mphamvu za m'kati mwa chinthu sizisintha kalikonse.

Lamulo lachitatu la Isaac Newton, lomwe linasindikizidwa mu 1687, silinena zimenezo. Limanena kuti mbali ziwiri zikamakankhana, zimatero ndi mphamvu yofanana koma yolozera kosiyana, motero sizingasinthe momentamu ya chinthu chonsecho, ndiko kuti kulemera kwake kuchulukitsa ndi liwiro lake kumbali imene chikulowera. Nyonga ya kuyenda ndi nkhani ina. Imeneyi imapezeka potenga theka la kulemera n'kuchulukitsa ndi liwiro kawiri, ndipo popeza siyang'ana kumene chinthu chikulowera, mbali iliyonse yoyenda imawonjezera yake popanda kufafaniza ya inzake.

Umboni uli m'misewu yafumbi yochokera m'midzi ya kwa Mphamba kupita pa boma la Lundazi nthawi ya dzinja. Lole ya feteleza ikatitimira, dalaivala amaponda moto, dizilo amapsa, matayala amazungulira mpaka kununkha, matope n'kumathovukira anthu oima kumbuyo. Nyonga yakwera, yonse yochokera m'kati, koma lole ili pompo. Anyamata akatsendereza miyala ndi nthambi pansi pa matayala, lole imavuuka, chikhalirecho mwala sunapereke nyonga ngakhale pang'ono, wangopereka pogwira.

Ndalama za chitukuko za CDF, zomwe boma linakweza mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndi mwala wotere. N'zoona kuti popanda pogwira, mudzi ungathe mphamvu zonse uli malo amodzi, ndipo apa mwambi uja suphonya. Koma pali makopaletivu amene amabadwa sabata imene mafomu afika, n'kufa tsiku logawana ndalama, mamembala ake asanaumbe njerwa kapena kulima ndime imodzi pamodzi. Oterewa amakhala pamwala opanda injini, kenako amadzaza misonkhano ya mafumu ndi madandaulo akuti boma lawataya.