MTUNDA UMENE WODWALA AYENDA UYENERA KUPIMIDWA

Mlimi amene kale anali kufika ku dimba osaima panjira, lero aima katatu. Akayenda pang'ono katumba wa mwendo umuwawa ndi kukungika. Akapuma kanthawi ululu utha, nayambanso ulendo. Anzake akamfunsa, iye ati ali kuona cimanga ca mnansi. Kunyumba onse angoti ndi ukalamba. Koma kawirikawiri imakhala nthenda ya mitsempha yopereka magazi ku miyendo.

Mitsempha imeneyi imacepa mkati cifukwa ca mafuta oundana m'mbali mwake, monga ngalande yodzala matope. Munthu akakhala pansi magazi ocepawo amakwanira, koma akayenda minofu imafuna ambiri, ndipo ululu umayamba. Osuta fodya, odwala shuga, a nthenda ya kuthamanga kwa magazi ndi okalamba ndiwo amagwidwa kwambiri. Si nthenda ya Azungu okha ai. Kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya The Lancet mu 2013 anapeza kuti mu 2010 anthu 202 miliyoni anali nayo, ndipo pafupifupi 7 mwa 10 alionse anali a m'maiko osalemera.

Cifukwa cake nkoyenera kuti zipatala zazing'ono za kumidzi zizipima kayendedwe ka anthu otere, monga momwe zimapimira ana pa sikelo. Kungofunsa sikukwanira. Mkulu wa ulemu wake akafunsidwa ngati ayenda bwino amayankha kuti “pang'ono,” ndipo mau akuti “pafupi” kwa wina ndi kucitsime, kwa wina ndi kumsika. Enanso amacepetsa maulendo osadziwa, kotero kuti ululu saumvanso ngakhale nthenda ili kukula. Madotolo otsata kagawidwe kamene René Fontaine wa ku France anayambitsa mu 1954 amaika malire pa mamita 200: wolephera kufika pamenepo osamva ululu ndiye wadwala kwambiri. Mtunda wotere sudziwika popanda kuupima.

M'zipatala zazikulu wodwala amayenda pa makina a lamba woyenda yekha, pa liwiro la makilomita 3.2 pa ola, ndipo citunda cimaonjezedwa mphindi 2 zilizonse. Makinawo afuna magetsi ndi ndalama zambiri. Koma ilipo njira ina imene madotolo amaivomereza, ndiyo kuyenda kwa mphindi 6. Zofunika ndi malo osalala a mamita 30, woci ndi buku. Wodwala ayenda kupita ndi kubwera mpaka mphindi 6 zitatha. Aloledwa kuima akatopa, koma woci siima. Namwino alemba pamene ululu wayambira, kangati munthuyo waima, ndi mtunda wonse. Patapita miyezi 3 apimanso, ndipo manambala awiriwo asonyeza ngati mwendo uli kucira kapena kuipa.

Ena adzati anamwino a kumidzi acuruka kale nchito ya malungo, amai apakati ndi ana. Izi nzoona. Komabe si aliyense afunika kupimidwa. Ndi okhawo odandaula za miyendo ndi amene nthendayi imawakonda. Mphindi zowerengekazo nzocepa poziyerekeza ndi cilonda cosapola cimene cimathera pa kudula mwendo. Mlimi wopanda mwendo safika kumunda, kucigayo kapena kumaliro a mbale wake. Ndiponso mitsempha ya miyendo ikacepa, nthawi zambiri ya mtima ndi ya ubongo imakhala itacepanso, motero kupimako kumacenjeza za ngozi yaikulu.

Kupima kuli ndi phindu linanso, pakuti mankhwala oyamba a nthendayi ndi kuyenda komwe. Madotolo amalangiza kuyenda mphindi 30 kufikira 45, katatu pa mlungu, kwa milungu yosacepera 12: kuyenda mpaka ululu utamveka ndithu, kupuma, ndi kuyambanso. Pamodzi ndi izi pafunika kuleka fodya, ngakhale wopicira yekha, ndi kumwa mankhwala opatsidwa ku cipatala. Kupirira ululu nkovuta, koma munthu akaona m'buku kuti mamita ake aonjezeka salefuka msanga.

Pali ena osayenera kudikira kupimidwa. Phazi likamawawa usiku munthu ali cigonere, likazizira, cala cikada, kapena cilonda cikakana kupola, apite ku cipatala tsiku lomwelo. Cimodzimodzi womva kupweteka pacifuwa poyenda.

Unduna wa Zaumoyo ungacite bwino kuphunzitsa njira yosavutayi kwa anchito ake a kumidzi, ndipo mafumu ndi anyakwawa aikambe pa misonkhano. Nao acibale asamseke mkulu woima-ima panjira, koma amperekeze akapimidwe. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kudzenje.