Masamu a chaka choyamba: chipata chopapatiza kwa ofuna uinjiniya

Bungwe la NCHE likatulutsa maina a ophunzira amene asankhidwa kupita kusukulu za ukachenjede za boma, m'makomo ambiri mumakhala nthungululu. Koma kwa amene apatsidwa maphunziro a uinjiniya ku Mubas, yomwe kale inali Polytechnic mumzinda wa Blantyre, kapena ku Must m'boma la Thyolo, chimwemwecho chimayesedwa msanga ndi masamu a chigawo choyamba cha chaka.

M'maiko monga America, wophunzira watsopano amatha kulemba mayeso oyeza mphamvu zake, n'kusankha kuyambira pa calculus kapena kubwereza kaye masamu okonzekeretsa. Kuno kwathu ndondomeko imakhala yokonzeratu. Onse amalowa m'kalasi limodzi, kuyenda liwiro limodzi, ngakhale anachokera kosiyana.

Kusiyanako kumayambira ku Fomu 3. Masamu amene aliyense amalemba pa MSCE sakhudza calculus. Chiyambi cha phunziroli chimapezeka mu Additional Mathematics, yomwe imaphunzitsidwa m'sukulu zochepa, makamaka zomwe zili ndi aphunzitsi okwanira. Mwana wa ku sekondale yoyendera ya kumudzi angathe kupeza 1 kapena 2 m'masamu, koma n'kukakhala pampando umodzi ndi mnzake amene anayamba kale kuona zinthuzi zaka ziwiri zapitazo.

Chovuta n'chakuti masamu a uinjiniya amamangidwa ngati khoma. Wofooka pa algebra ndi trigonometry amavutika ndi calculus, ndipo wosamvetsa calculus sangawerengere kulemera kumene mlatho unganyamule kapena kayendedwe ka magetsi m'nthambo. Kulephera kumabweretsa mayeso obwereza, kubwereza chaka, mwinanso kuchotsedwa sukulu. Pa maphunziro otenga zaka zisanu, chaka chimodzi choonjezera ndi fizi ina, lendi ina ndi ngongole yokulirapo kwa banja.

Mankhwala ake si kufewetsa maphunziro, chifukwa mlatho sumvera chisoni. Sukuluzi zingathe kuyesa ophunzira m'sabata yoyamba, n'kupereka makalasi apadera kwa otsalira mayeso enieni asanafike. Unduna wa zamaphunziro nawo uyenera kufikitsa Additional Mathematics m'sukulu zambiri.

Kwa wosankhidwa, miyezi yodikira kutsegulira kwa sukulu si yopumula. Buku la algebra la Fomu 4 ndi limene ayenera kulipukuta fumbi choyamba.