Aqua si bwato

Dzinja lafika ndipo madzi ayambanso kusefukira m'misewu. Sabata ino ndicheze nanu eni galimoto za haibridi monga Toyota Aqua, Prius ndi Honda Fit, zomwe zachuluka m'matauni muno poti sizimwa mafuta ambiri.

Ambiri amaopa kuti akalowa m'madzi magetsi awagwira. Izi sizichitika wamba, chifukwa mawaya a magetsi amphamvu, aolenji aja, ndi okutidwa bwino ndipo salumikizana ndi zitsulo za galimoto. Ine chomwe chimandidetsa nkhawa ndi batire ndi injini.

Mu Aqua yoyamba ija, yomwe idatuluka mu 2011, batire lalikulu la mavoti 144 lili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo limazizira ndi mpweya womwe kafani kamakoka m'kati mwa galimoto. Madzi akangolowera pazitseko, batire lili pangozi, ndipo mtengo wake si wamasewera.

Injini nayo imadzilizira yokha nthawi yomwe kompyuta yafuna, ngakhale muli pakati pa madzi. Ikakoka madzi m'malo mwa mpweya, mapisitoni amalephera kuwapanikiza ndipo zitsulo zam'kati zimapindika.

Kumbukiraninso kuti Aqua ndi yotsika, mimba yake ili masentimita pafupifupi 14 kuchokera pansi. Madzi othamanga akuya masentimita 30 okha amatha kukokolola galimoto yaing'ono. Choncho langizo langa ndi lakuti imani kaye muone momwe ena akuwolokera. Ngati madzi akufika m'munsi mwa chitseko, kapena akuthamanga, bwererani. Musatengere lole kapena minibasi, zinzanuzo n'zazitali.

Ngati madzi ndi ochepa komanso odekha, lowani pang'onopang'ono osaima, ndipo dikirani wochokera kutsogolo atuluke kaye kuti funde lake lisakumizeni. Mukawoloka, pondani mabuleki mopepuka kangapo kuti aume.

Galimoto ikazima m'madzi, musadinenso batani loliza. Tulukani msanga ngati madzi akukwera. Musalole kuti aikoke ndi chingwe, chifukwa matayala akutsogolo akamazungulira, mota imapanga magetsi omwe angawononge zipangizo. Ikwezedwe pa galimoto yonyamula zinzake, ipite kwa makaniko wodziwa za haibridi, ndipo pasapezeke wogwira mawaya aolenji aja.

Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Malo omwe adasefukira chaka chatha ndi omwewo adzasefukire chaka chino, ndiye dziwiranitu njira ina. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adagumula milatho ndi misewu yambiri m'chigawo cha kummwera, ndipo pansi pa madzi amatope simungaone ngati msewu ulipobe.

Kwa inu a matakisi, ndikudziwa kuti bwana akudikira ndalama ya tsiku. Komabe ndalama ya ulendo umodzi singagule batire, ndipo anthu mwanyamulawo akudikiridwa kwawo.